Sinowo wa kumapeto kwa Epulo: tipulumutse chiyani m'dimba, tiluke chiyani m'nyumba?

Nangondo, Glasgow: Odi pagulu pano. A zanyengo a Met Office atulutsa chenjezo lachikasu la sinowo ku Scotland ndi kumpoto kwa England, kuyambira usiku uno mpaka mawa masana. Akuti akaleka kugwa kumwamba kuyera, ndipo madera ena kuzizira mpaka -3°C. Ambiri mbatatesi zaphuka kale, mbande za tomato ndi maungu zili panja kuzolowera mphepo, mitengo ya maapozi yachita maluwa. Odziwa za dimba tithandizeni: choyamba kuthamangira n'chiti, ndipo chongochisiya n'chiti?

A Phiri, Leeds: Mayi Nangondo, yambani ndi zonse zili m'mapoto ndi m'matileyi. Tomato, maungu, chimanga, nyemba, tsabola, bonongwe, therere: zonsezi zilowe m'nyumba dzuwa lisanalowe. Si zofunda panja zimenezi. Tomato amayamba kudwala usiku ukangotsika pansi pa 10°C, masamba amachita kapepo kunsi kwake ndipo kukula kumaima, pa 0°C amafa. Maungu ndiye sapirira n'komwe, tsamba lake ndi madzi okhaokha.

Zosafunika kutaya nazo tulo ndi adyo, anyezi, nsawawa, ma broad beans, kabichi, repu ndi sipinachi zomwe zinamera kale m'bedi. Izi chisanu cha -3°C zimachidziwa. M'mawa zidzaoneka zogona ngati zafa, masana zidzadzuka zokha.

Zapakati ndi mbatatesi, maluwa a mitengo ya zipatso ndi ma strawberry. Apa mpamene pali ntchito ya lero madzulo.

Nachisale, Aberdeen: Ndiwonjezere mfundo imodzi yomwe obwera kumene amaiphonya. Sinowo si amene amapha mbewu. Usiku womwe akugwa kumakhala mitambo, ndipo mitambo imasunga kutentha kwa nthaka, nthawi zambiri kumangozungulira pa 0 kapena 1°C. Choopsa ndi usiku wotsatirawo, kumwamba kuli mbee, nyenyezi zikuoneka, mphepo yaleka. Kutentha konse kwa nthaka kumathawira kumwamba. Ndi zomwe zija zimachitika m'madambo a ku Dedza ndi ku Ntcheu mu Juni ndi Julaye, pamene chisanu chimawaula tomato wa m'dimba koma wa kumtunda n'kupulumuka. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha pamalo otsika. Choncho ngati bedi lanu lili kumunsi kwa allotment (madimba obwereka aja), kapena kuseri kwa mpanda komwe mpweya sungatuluke, inu ndi amene mufunde kawiri.

Chinanso, nambala yomwe mumaona pafoni imayezedwa pamwamba pang'ono, kupitirira mita imodzi kuchokera pansi. Usiku woyera wopanda mphepo, pa udzu penipeni pamatha kuzizira madigiri 3 kapena 4 kuposa pamenepo. Foni ikamati 3°C, mbande zili kale pachisanu.

A Mbewe, Newcastle: Za mbatatesi, njira yotchipa kuposa zonse ndi khasu. Ngati mphukira sizinapitirire masentimita 10 kapena 15, zikwirireni zonse ndi dothi, mzere ukwere ngati wobandira chimanga kwathu. Musaope kuti zibanika, pakangopita masiku ochepa zimaboola zokha, ndipo kubandirako kumathandizanso kuti mbatatesi zisadzatulukire padzuwa n'kubiriwira. Ngati zatalika kale moti dothi silingakwane, fundani kawiri ndi fleece (nsalu yopepuka yofundira mbewu), kapena makatoni, kapena nyuzipepala zingapo zopsinja ndi njerwa m'mbali.

Zikapsa ndithu, nsonga n'kuda bii ngati zawauka ndi moto, musazule. Mbewu ili pansi ili moyo. Dulani zofotazo zikayamba kuterera, zina ziphukanso, kungoti kukolola kudzachedwa ndi milungu iwiri kapena itatu.

Namaseko, Manchester: Funso langa ndi la fleece yomweyo, achimwene. M'masitolo muli yopyapyala ndi yokhuthala, mitengo yosiyana. Kusiyana kwake n'kwenikweni? Nanga pepala la pulasitiki silingagwire ntchito yomweyo?

A Mbewe, Newcastle: Kulipo, achemwali. Yang'anani papaketi pamene alemba gsm, ndiko kulemera kwa nsaluyo pa sikweya mita. Ya 17 gsm imateteza chisanu chopepuka, madigiri 2 kapena 3 pansi pa ziro. Ya 30 gsm imafika cha pa -5°C. Yopyapyalayo mukaipinda kawiri imagwira bwino, chifukwa mpweya wotsekeredwa pakati pa nsalu ziwirizo ndi umene umafunditsa. Nsaluyo payokha siitulutsa kutentha, imangogwira komwe kukuchokera m'nthaka. Ndiye mbali zonse zifike pansi ndipo zipsinjidwe. Mukasiya mpata, mwafunda bulangete mapazi ali panja.

Pulasitiki ikakhudza tsamba, tsambalo limapsa pomwe lakhudzidwapo. Thukuta la mbewu limaunjikana kunsi kwa pepala n'kuundana patsamba pomwepo. Ngati mulibe china, ikani timitengo kapena mawaya opinda kuti pepala likhale m'mwamba, ndipo m'mawa mulichotse dzuwa lisanawale kwambiri. Chitenje chakale kapena shiti ya pabedi ziposa pulasitiki, bola zisanyowe n'kulemera.

A Phiri, Leeds: Pomwepo pa kulemera ndi pamene sinowo wa Epulo amavutira. Wa Januwale, kukazizira kwambiri, amakhala wouma ngati ufa, ukampuzira amauluka. Wa nyengo ino ndi wamadzi, amamatirira. Masentimita 10 okha pa sikweya mita imodzi akhoza kupitirira makilo 20. Denga la greenhouse (nyumba ya magalasi yolimamo mbewu) yaing'ono ija ya mafiti 6 kwa 8 lili pafupifupi masikweya mita 5, ndiye werengani nokha: matumba awiri a feteleza ali pamwamba pa magalasi. Tengani tsache lofewa, mukokere pansi kuchokera pamwamba, mbali zonse ziwiri mosinthana kuti kulemera kusatsalire mbali imodzi. Osagogoda galasi. Polytunnel, ija yofoleredwa ndi pepala la pulasitiki, muzikankha chamkati ndi tsache lomwelo, mutu wake mutakulunga nsanza kuti usaboole pepala.

Neti yotchinga mbalame pa kabichi ndi pa zipatso ichotsedwe lero. Maso ake ndi aang'ono, sinowo wamadzi sadutsa, imadzaza n'kugwetsa mapolo onse pamwamba pa mbewu. Fleece nayo, ngati yangoyalidwa pa mbande popanda chochirikiza, sinowo amaipsinja n'kuthyola mitengo ya mbandezo. Ikani mabotolo kapena mapoto ozondotsa pakati pa mizere kuti anyamule nsaluyo.

Nangondo, Glasgow: Ndiye mawa m'mawa sinowo yemwe wagwera pamabedi tichotse?

A Phiri, Leeds: Pa mitengo, pa mpanda wa maluwa ndi pa madenga chotsani. Gwedezani nthambi pang'onopang'ono kuchokera kunsi.

Nachisale, Aberdeen: Koma wa pamabedi musiyeni, mayi. Pa adyo, anyezi, nsawawa zazifupi ndi pa mizere ya mbatatesi yokwirira, sinowo ameneyo ndiye chofunda cha usiku woyera uja. M'kati mwake muli mpweya, kunsi kwake kumakhala pafupi ndi 0°C ngakhale pamwamba pafike -4°C. Amene amasesa bedi kuti mbewu zipume amazivula pa usiku womwe zikufunika chofunda. Ndipo paudzu wa pabwalo musayendepo uli wouma ndi chisanu, mapazi amatsala achikasu milungu ingapo. Mchere wothira m'njira usafike pabedi, ndipo sinowo wofosholedwa pamsewu wothiridwa mchere asatayidwe m'dimba.

Bambo Nkhoma, Dundee: Za maluwa a zipatso palibe amene wayankha. Duwa la apozi likatseguka, pa -2°C ena amayamba kufa, pofika -4°C ambiri atha. Lomwe likadali mphundu limapirira kuposa apo. Mapeyala achizungu ndi mapulamu amachita maluwa msanga kuposa maapozi, ndiye pano ena ali kale ndi tizipatso tating'ono, ndipo timeneto n'tosalimba ngati maluwa omwe. Mtengo waukulu palibe chochita, usiyeni. Waung'ono, kapena woyanzidwa pakhoma, ufundeni ndi fleece kuchokera pamwamba mpaka pansi, koma masana muvundukule kuti njuchi zifike. Kudziwa ngati duwa lapsa n'kosavuta: patapita tsiku, ling'ambeni pakati ndi chikhadabo. Pakati pakakhala pobiriwira lili moyo, pakakhala pofiirira kapena pakuda latha. Strawberry amaonetsa yekha, diso la duwa limada. Musataye mtima msanga, mtengo wa apozi umachita maluwa ochuluka kwambiri kuposa zipatso zomwe ungathe kunyamula, ochepa otsala amakwanira.

Dzuwa la m'mawa likawomba tsamba louma ndi chisanu limalisungunula mofulumira, ndipo kuonongeka kumakula. Zofunda zichoke chisanu chitasungunuka chokha, osati m'bandakucha.

Namaseko, Manchester: Ena amati tithirire madzi usiku wa chisanu usanafike. Sizikumveka, madzi si ndiwo amaundana?

Bambo Nkhoma, Dundee: Zili ndi pake. Dothi lachinyezi limasunga kutentha kwa masana kuposa louma, usiku n'kumakutulutsa pang'onopang'ono. Koma ndi dothi lothiriridwa masana, osati masamba onyowetsedwa madzulo. Ndipo sabata ino sizikufunika, sinowo wosungunuka anyowetsa kokwanira. M'mapoto ndiye osathirira n'komwe, mizu yozizira yokhala m'madzi imaola.

Gogo Nabanda, Sheffield: Ana anga, dimba mwalimaliza, tsopano manja apeze chochita m'nyumba. Masiku awiri otsekeredwa ngati awa amakwana kuluka chipewa cha munthu wamkulu. Ndikupatseni muyeso woti simungasochere nawo.

Ulusi wa DK (wa makulidwe apakati), mpira umodzi wa magalamu 100, utsalako. Singano zozungulira za masentimita 40, imodzi ya 3.5 mm ya mkombero, ina ya 4 mm ya thupi la chipewa. Mutu wa munthu wamkulu nthawi zambiri ndi masentimita 55 mpaka 57, koma chipewa chilukidwe chocheperako, cha masentimita 50 kapena 51, kuti chizigwira. DK pa singano ya 4 mm imapereka masititchi 22 pa masentimita 10. Ndiye ponyani masititchi 112. Nambalayi ndi yabwino chifukwa imagawika ndi 4, ya mkombero wa knit 2 purl 2 (masititchi awiri olukira kutsogolo, awiri olukira kumbuyo), komanso ndi 8, ya pochepetsa pamwamba.

Mkombero ukhale masentimita 5, kapena 10 ngati mukufuna wopinda wofunda makutu kawiri. Sinthani singano, lukani knit yokhayokha mpaka chitalike masentimita 14 kapena 15 kuchokera m'mphepete, ndipo ngati ndi chopinda muyeze chitapindidwa. Kenako gawani zigawo 8 za masititchi 14, muike kaulusi ka mtundu wina pa malire alionse. Mzere wochepetsa: lukani mpaka patsale masititchi awiri chizindikiro chisanafike, muwalukire pamodzi. Mzere wotsatira lukani osachepetsa. Pitirizani choncho mpaka atsale 56, ndiye muzichepetsa mzere uliwonse mpaka atsale 8. Dulani ulusi wotalika ngati chikhatho ndi theka, muulowetse m'masititchi 8 aja kawiri, mukoke, musokerere m'kati. Masititchi akachepa moti singano yozungulira yayamba kukoka, samukirani pa singano zinayi zosongoka mbali zonse.

Cha mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu ponyani 96, zigawo 8 za 12, muyambe kuchepetsa pa masentimita 11 kapena 12.

Nangondo, Glasgow: Agogo, ambiri amadandaula kuti amatsata nambala zonse koma chipewa chimatuluka ngati dengu. Chimalakwika n'chiyani?

Gogo Nabanda, Sheffield: Dzanja, mwanangu. Aliyense amakoka ulusi mosiyana. Wa dzanja lolekerera amapeza masititchi 20 pa masentimita 10 m'malo mwa 22, ndiye 112 aja amatuluka masentimita 56, chipewa chongokhala pamutu osagwira. Wa dzanja lolimba akapeza 24, chimatuluka masentimita osakwana 47, chofinya mpaka mutu kuwawa. Mankhwala ake ndi kuluka kachigamba koyesera ka masititchi 30, kukachapa, kukayanika, ndiye kuwerenga a pakati pa masentimita 10. Akachepa tengani singano yaing'ono ndi theka la milimita, akachuluka tengani yokulirapo. Anthu amaona ngati kutaya nthawi, koma kumasula chipewa chonse kumadya nthawi yoposa apo.

Cholakwika chachiwiri chili polumikiza mzere woyamba. Musanalumikize, yalani singano patebulo muone kuti m'mphepete monse mwayang'ana m'kati. Mukalumikiza mzere utapotoka, palibe kukonza, n'kumasula basi. Chachitatu ndi kuponya masititchi molimba kwambiri moti mkombero sutambasuka. Ponyerani pa singano ya 4 mm, mzere woyamba ndi umene musamukire pa 3.5 mm.

Nachisale, Aberdeen: Pa ulusi ndikufuna tisabisane. Wa acrylic ndi wotchipa, umachapika m'makina, ndi womwe ambiri tinauzolowera poluka majuzi a ana. Koma pa sinowo wamadzi ngati uyu sufanana ndi ubweya wa nkhosa. Ubweya umatha kumwa chinyezi chofika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake usanamveke kunyowa, ndipo umafundabe. Acrylic samwa, madzi ndi thukuta zimangokhala pakati pa ulusi ndi khungu, mphepo ikawomba munthu amazizidwa. Chipewa ndi magolovesi a kudimba akhale a ubweya, kapena osakaniza omwe ubweya ndi theka kupita m'mwamba. N'chifukwa chake anthu a ku Shetland amaluka mitundu iwiri pamzere umodzi, maluko aja otchedwa Fair Isle: ulusi womwe sukugwira ntchito umadutsa kuseri, nsalu n'kukhala yophatikiza kawiri. Woyesa zimenezi asalole ulusi wakuseri kudumpha masititchi oposa 5 osaukola, ndipo asaukoke, apo ayi chipewa chimakwinyika.

Gogo Nabanda, Sheffield: Zoona, koma tisawaopseze a matumba operewera. Bulangete la pampando, sikafu ya m'nyumba, zoseweretsa ana, acrylic ali bwino ndithu. Ndipo ubweya uli ndi malamulo ake. Madzi ofunda pang'ono osapitirira 30°C, osafikisa, osapotokola. Kutentha, sopo ndi kufikisa zikakumana, timamba ta ubweya timakolana, juzi ya bambo n'kusanduka ya mwana, yolimba ngati chikopa, ndipo sibwereranso. Finyirani m'thawulo, yanikani chogoneka. Pa rediyeta ayi, pa hang'ala ayi. Pogula mipira ingapo onani nambala ya dye lot palebulo ikhale imodzi, chifukwa mtundu womwewo wonyikidwa tsiku lina umasiyana, ndipo mzere wake umaonekera padzuwa.

Wofuna sokosi atenge ulusi wopyapyala wa 4 ply wosakaniza ubweya 75 ndi nayiloni 25 pa 100, singano za 2.5 mm, masititchi 60 kapena 64. Wopanda nayiloni amabooka chidendene msanga. Koma sokosi si ya masiku awiri.

Namaseko, Manchester: Pa zipewa za makanda ndichenjeze, chifukwa apa chizolowezi chathu chimasemphana ndi malangizo a kuno. Kwathu khanda timalifunditsa chipewa, juzi ndi shawelo usana ndi usiku. A zaumoyo a NHS amalangiza kuti khanda likamagona m'nyumba lisavale chipewa, chifukwa limatulutsira kutentha kumutu, ndipo kutenthedwa kwambiri kumawonjezera chiopsezo cha imfa ya mwadzidzidzi ya kutulo. Chipinda chikhale pakati pa 16 ndi 20°C. Chipewa n'chapanja, mukangolowa m'nyumba, m'basi kapena m'galimoto yotentha, chivuleni ngakhale mwana adzuke. Pofuna kudziwa ngati watenthedwa gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi, osati manja, manja a khanda amazizira nthawi zonse. Ndipo pa zoluka za khanda pasakhale zingwe zomanga pakhosi.

A Mbewe, Newcastle: Poti talowa m'nyumba, nazi za usiku uno. Sinowo wamadzi amamatirira pa mawaya ndi panthambi, ndiye magetsi akhoza kuzima, makamaka kumidzi. Nambala yoimba magetsi akazima ku England, Scotland ndi Wales ndi 105, yaulere. Tchajani mafoni ndi tochi, dzazani fulasiki. Boila ya gasi nayo siyaka popanda magetsi, ambiri amadabwa pamenepa. Furiji isatsegulidwe, imasunga kuzizira maola ngati 4, ndipo firiza yodzaza imafika masiku awiri.

Chachikulu ndi ichi, ndipo ndikupempha aliyense auze achibale obwera kumene: mbaula, makala a braai, chitofu cha kukampu, jenereta, zonsezi zisalowe m'nyumba, m'garaja ngakhale m'khonde lotseka. Nyumba za kuno n'zomata, zenera la magalasi awiri silipuma ngati khitchini ya kwathu. Makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo, wopanda mtundu, ndipo amautulutsabe ngakhale moto ukuoneka ngati wazima. Zizindikiro ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kawirikawiri anthu angapo nthawi imodzi. Zikatero tulukani panja nonse, imbani 999. Alamu ya mpweyawu iyesedwe lero podina batani lake.

A Phiri, Leeds: Boila ikazima magetsi alipo, ikulira ngati ikukhwekhwereza madzi, kawirikawiri ndi paipi yapulasitiki yoyera kapena yotuwa yotulukira kunja kupita kungalande, ya condensate, yomwe yaundana. Sizichitikachitika pa chisanu cha usiku umodzi, koma kumapiri zimatheka. Thirani madzi ofunda kunja kwa paipiyo, makamaka pokhota ndi kumapeto, kenako dinani reset. Owira ayi, amang'alula pulasitiki. Chipinda chokhalamo chisatsike pansi pa 18°C ngati muli okalamba kapena odwala.

Zochapa zoyanika m'nyumba zimatulutsa madzi okwana malita ngati awiri pa mtolo umodzi wa m'makina, ndipo madziwo amakathera pakhoma lozizira kuseri kwa wadirobu, n'kumera chuku chakuda. Yanikani m'chipinda chimodzi, chitseko chotseka, zenera lotsegula pang'ono.

Nangondo, Glasgow: Mbande zalowa. Zikhale pati, ndipo zidzatuluke liti?

Bambo Nkhoma, Dundee: Pazenera lowala, koma usiku zisatsalire pakati pa katani ndi galasi, pamenepo pamazizira ngati panja pomwe. Zichotseni muziike patebulo. Pamwamba pa rediyeta ayinso: kutentha kochuluka ndi kuwala kochepa kumazitalikitsa, zimakhala zoonda, zotuwa, zogwa zokha. Muzitembenuza tileyi tsiku lililonse. Tomato wotalika amakonzeka pomuokera mozama mpaka pa masamba oyamba, tsinde lake limatulutsa mizu. Maungu sakonda kukwiriridwa choncho, tsinde limaola.

Nyengo ikabwerera, kuzoloweza kuyambirenso pachiyambi: maola awiri kapena atatu pamthunzi posawomba mphepo, kuwonjezera tsiku ndi tsiku, masiku 10 mpaka 14. Kuokera panja, kumwera kwa England ndi pakati pa Meyi, kumpoto ndi kumapeto kwa Meyi, ku Scotland dikirani sabata yoyamba ya Juni. Sinowo wa nyengo ino si wachilendo kuno. Kumapeto kwa Epulo 1981 kunagwa wambiri ku England ndi ku Wales, pa 2 Juni 1975 anaimitsa masewero a cricket ku Buxton, ndipo Epulo wa 2021 anali ndi masiku achisanu ochuluka kuposa Epulo aliyense pa zaka 60. Masiku atatu a dzuwa mu Epulo asakunamizeni.

Nachisale, Aberdeen: Ndipo amene mpiru ndi chinese zawo zagwidwa ndi kuzizira kumeneku zili zazing'ono asadabwe zikathamangira maluwa mu Meyi kapena Juni masamba asanakule. Kuzizira kotsatana ndi masiku aatali kumaziuza kuti nthawi yobereka njere yakwana. Thyolani masamba msanga mudye, ndipo mufesenso mu Julaye kapena kumayambiriro kwa Ogasiti, usana ukayamba kufupika, ndi pamene mpiru umachita masamba akulu kuno. Nyemba za khwanya ndi chimanga zisafesedwe nthaka isanafunde kufika 12°C, njere zimangoola. Bonongwe ndiye womaliza pa zonse, mu Juni, ndipo kumpoto kuno amachita bwino m'greenhouse.

Gogo Nabanda, Sheffield: Amene wafunsa kumbali za magolovesi opanda zala ogwirira ntchito kudimba: ulusi wa DK wotsala pa chipewa uja ukhoza kupereka limodzi, awiri amafuna magalamu ngati 50. Ponyani masititchi 40 pa singano za 3.5 mm zowongoka, knit 2 purl 2 mpaka masentimita 18, tsekani molekerera. Pindani, sokani m'mbali masentimita 9 kuchokera kumkono, siyani mpata wa masentimita 5 wa chala chachikulu, sokani 4 otsalawo. Wa dzanja lalikulu aponye 44.